A Kalisto ndi Njinga Yofiira ya Alamu Awo

A Kalisto anaphunzira njinga yamoto imvi zitayamba kale kutuluka m'ndevu, ndipo tsiku loyamba analowa nayo m'munda wa kabichi wa eni ake. Anthu amaseka nkhani imeneyi mpaka lero. Sekani, palibe mlandu. Koma wina akadzanena pamaso panga kuti a Kalisto ndi munthu wogona, ndidzamugenda ndi sipanala, ndipo ine sindiphonya.

Ine ndine Hamza. Ndimakonza njinga zamoto pa Dedza boma, m'mbali mwa msewu waukulu, pansi pa malata anayi. Kusukulu ya umakaniko sindinapondeko. Ndinaphunzira pomasula zinthu za anthu n'kumatukwanidwa. A Kalisto ndinawadziwa tsiku lomwe anandikankhira kanjinga kawo kuchokera kumsika, thukuta lili kamukamu, akuti kafa. Anali atangoiwala kutsegula kampopi ka petulo. Ndinawakalipira, iwo anandithokoza, ubwenzi unayambira pomwepo.

Munthuyu ndi wamtali, wowonda, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Kwawo kwenikweni ndi ku Mphunzi, koma anakwatira kuseri kwa Bembeke, ndipo akhala pachikamwini kumudzi kwa akazi awo, a Magadalena, zaka zoposa makumi awiri. Nyumba anamanga okha, mapichesi anadzala okha, ana anayi anabadwira pomwepo, koma nthaka yomwe apondapoyo ndi ya kuchikazi. Dimba lomwe amalimamo kachewere, lija la m'mphepete mwa kamtsinje kosaphwa ngakhale mu Okutobala, anawapatsa ndi alamu awo a Zikhalo, mlongo wamkulu wa a Magadalena. Kupatsana kwake kunali kwa pakamwa. Pepala palibe. Tsiku lililonse a Zikhalo atadzuka atakwiya, dimba likhoza kusintha mwini dzuwa lisanalowe.

Ntchito ya a Kalisto ndi imodzi: kukumba kachewere n'kubwera naye ku boma kwa okazinga tchipisi. Kanjinga kawo koyambira kanali ka injini ya 100, kabuluu, kogula kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Sindikanyoza ayi. Kanjinga kophunzirira kazikhala chomwecho: kakagwa umakadzutsa ndi dzanja limodzi, petulo kamangonunkhiza. Vuto linali chitunda. Potuluka m'mudzi mwawo pali chitunda chomwe akabaza anachitcha pa Tsikaniko, chifukwa aliyense wokhala kumbuyo amauzidwa mawu amenewo akafika pakati. Ndi thumba limodzi kanjingako kankakwera kakulira ngati mbuzi yomangidwa. Ndi matumba awiri, ayi ndithu. Ndiye a Kalisto ankayenda maulendo awiri, ndipo thumba lachiwiri linkafika ku boma okazinga atagula kale kwa ena.

"Madala," ndinawauza tsiku lina, "kanjingaka kakuphunzitsani, kamaliza ntchito yake. Mukufuna kadzakuperekezeninso kumanda?"

"Sikanandilakwirepo, Hamza."

"Inu ndiye mukukalakwira! Tamvani mmene kakupumira."

Anaseka, koma anamva. Anasunga za kachewere wa zaka ziwiri osagula ngakhale jekete, kenaka anabwera kudzandiuza kuti akonzeka kufuna ya 150, yogwirapo kale ntchito. Ndinawakhazika pa tayala n'kuwapatsa zonse zomwe ndimadziwa.

"Musagule njinga masana. Mupite m'mamawa, mufike n'kugwira injini ndi chikhatho. Ikakhala yofunda, dziwani kuti mwini wake waidzutsiratu kuti musaone mmene imavutira kudzuka. Njinga yosamba kwambiri muiope, amakhala atsuka oyilo wodontha. Nambala yodindidwa pakhosi pa njinga, pansi pa mahandulo, ifanane ndi ya m'buku lake la umwini, chilembo ndi chilembo. Kuno malire ali pafupi, njinga zambiri zilibe kwawo, ndipo apolisi akaigwira salabadira kuti ndinu wa kwaya. Zonsezo zikatheka, muikweze pa Tsikaniko ndi matumba awiri. Patala chilichonse chimathamanga, ngakhale wilibala."

Anabwereza mawu anga onse ngati katekisimu. Ndinati basi, munthu wanga watetezeka.

Amene analakwitsa ndi a Magadalena, ndipo analakwitsa mwa chikondi. Ku mapemphero a mphakati, nthawi yopereka zopempha itakwana, anaimirira n'kupempha kuti abale awapempherere amuna awo, abambo a Ufulu, apeze njinga yabwino. Anthu anayankha kuti Ambuye timvereni. Koma woyamba kumva sanali Ambuye. Anali a Zikhalo.

A Zikhalo ndi chimunthu chamimba, chamawu, chamalonda a chilichonse: lero nkhumba, mawa mawailesi, mkuja matabwa. Tsiku lotsatira anafika pakhomo pa a Kalisto dzuwa lili pamutu, ali pa njinga yofiira ya 150, yonyezimira ngati yangotuluka m'katoni, timagetsi tabuluu pansi, kasipika kakuimba.

"Alamu, musavutike n'kupita kutali. Pemphero lanu layankhidwa. Nayi."

Tsono mvetsani apa, inu a m'tauni. Mkamwini sagwira injini ya mlamu wake wamkulu kuti aone ngati ndi yofunda. Safunsa buku. Sagwada n'kumawerenga nambala. Kutero n'chimodzimodzi kuimirira pabwalo n'kunena kuti mwini mbumba ndi wakuba. Zonse zomwe ndinawaphunzitsa zinali za kugula kwa mlendo. Za kugula kwa mlamu sindinanenepo kanthu, chifukwa sindinaziganizire n'komwe.

A Kalisto anachita chomwe akanatha. Anati akufuna kukagula pulagi ku boma, alamu awapatseko lifiti pa njinga yatsopanoyo. Ndimo mmene anafikira pamalo panga Lachitatu masana, a Zikhalo kutsogolo, iwo kumbuyo, akundiyang'ana ndi maso a munthu wopempha kuti ungoona, usanene.

Ndinaona. Injini inali yotentha, zimenezo n'zachidziwikire. Ndinasolola kamtengo ka oyilo: wolimba ngati uchi wa m'nyengo yozizira, oyilo wa magiya a galimoto, amene amathira kuti injini yotha isamveke kugogoda. Ndinawerama pakhosi pa njinga: pomwe pamakhala nambala panali penti wakuda watsopano, wonunkha.

"Buku lake lili kuti, bambo?"

"Buku likubwera," anatero a Zikhalo.

Apa ndi pomwe ndinayenera kutseka pakamwa. Sindinatseke.

"Likubwera pa minibasi iti? Bambo inu, mwadzoza mtembo mafuta, mwauveka timagetsi, ndiye mukufuna muugulitse kwa munthu wa Mulungu uyu? Mulibe chisoni?"

Akabaza omwe ankadikira makasitomala pafupi anazimitsa mainjini kuti amve bwino. A Zikhalo sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa a Kalisto.

"Alamu, ndiye pulagi yake ndi imeneyi? Mwandibweretsa kuno kuti ndidzatchedwe wakuba pamsewu? Ine amene ndinakulandirani muli ndi bulangete limodzi?"

A Kalisto anavula chipewa. "Pepani alamu. Mwanayu sadziwa kulankhula."

Mwana! Ine wa ana atatu!

"Yankho lanu ndilimve Loweruka," anatero a Zikhalo akukwera njinga yawo. "Paja mphwathu uja wa ku Lilongwe, mwana wa malemu achemwali, akuti tauni yamukana, akufuna adzayambe ulimi. Wakhala akufunsafunsa za dimba lija." Anaponda kiki kamodzi, yofiirayo inalira bwinobwino poti inali yotentha, n'kuwasiya alamu awo ali chiimire ndi chipewa m'manja.

Ndinayamba kukuwa kuti tipite kupolisi, tipite kwa abambo mfumu ku parishi, tipite kulikonse. A Kalisto anadikira mpaka mpweya unandithera.

"Hamza, zonse wanenazo n'zoona. Koma wazinena ngati munthu amene akagona pa nthaka yakeyake."

"Ndiye mugula?"

"Ndikagula, kachewere wa zaka ziwiri wapita. Ndikakana, dimba lapita."

"Nanga mutani?"

"Ndikaganiza ndikupalira."

Anakwera minibasi. Masiku awiri amenewo ndinakalipira kasitomala aliyense amene anabwera, ngakhale wongofuna mpweya.

Lachisanu anandiimbira. "Mawa ufike kwathu m'bandakucha ndi njinga yako. Utenge chingwe. Ukudzapepesa kwa alamu."

"Ine? Kupepesa?"

"Ukapepesa, utseke pakamwa mpaka ndidzakuuze."

Ndinatukwana foni itaduka kale, koma ndinapita. Munthu wako ndi munthu wako.

Unali mwezi wa Juni. Amene sanagonepo ku Bembeke mu Juni asandiuze za kuzizira. Udzu unali mbuu, nkhungu yoti nyali yanga inkangoona mamita awiri, zala sindinkazimva. Nditafika, ndinapeza yofiira ija ili pakhonde pa a Kalisto, yonyowa ndi mame, matumba awiri a kachewere atamangidwa kale kumbuyo. A Magadalena ankasesa pabwalo atafunda zitenje ziwiri, ndipo ndi iwo anandinong'oneza zomwe amuna awo anachita.

Lachinayi a Kalisto anagwira tambala n'kupita kwa a Zikhalo, pamaso pa a Magadalena ndi azakhali awo awiri. Anakhala pansi, osati pampando. Anati: alamu, makaniko uja anakulakwirani, nanenso ndinalakwa, adzabwera kudzapepesa. Njinga ndaikonda. Koma ine ndine wa kanjinga kakang'ono, yaikuluyi ndikuiopa. Mundiphunzitse ndinu. Loweruka m'mamawa mutsogole ndi matumba awiri, ine ndizibwera pambuyo pa kanga, ndione mmene mumasinthira magiya pa Tsikaniko. Igone kwathu Lachisanu kuti ndimangiretu katundu, musadzavutike.

Mukanakhala inu mukanakana bwanji? Munthu wakupatsa tambala, wakutcha mphunzitsi, azakhali akugwedeza mitu kuti mkamwini uyu ndi waulemu. A Zikhalo anavomera. Njinga inagona panja, kutali ndi mwini wake, usiku wonse wa Juni.

A Zikhalo anatulukira m'nkhungumo atavala chijekete chofika m'mawondo. Ndinapita kukawachingamira.

"Bambo, tsiku lija ndinalankhula udyo. Pepani."

"Waphunzira," anatero. Kenaka anayang'ana njinga yawo, n'kuyang'ana kukhitchini. "Achemwali, mulibe timadzi totentha m'ketulo? Ndisukusule."

Ine ndinadziwa nkhope yomwe inkafuna kusukusulidwa. Madzi otentha ukathira pa injini yozizira, imadzuka msanga.

"Moto sindinakoleze, achimwene," anayankha a Magadalena, tsache lili m'manja. Utsi unali ukutuluka padenga la khitchini, koma palibe amene anauona.

A Zikhalo anakwera. Kiki yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Yachisanu, njinga inatsokomola kamodzi n'kugonanso. Amayi atatu opita ku Misa ya m'mawa anaima pamsewu, manja m'zitenje. Pofika kiki ya khumi ndi chisanu a Zikhalo anavula chijekete. A Kalisto anaima pambali manja kumbuyo, akuonetsetsa ngati mwana wa sukulu.

"Ndiye mumaponda kangati, alamu, kuti ndizidziwa?"

"Zimatengera nyengo."

"Eya, nyengo."

Ine ndinaluma kolala ya jekete langa.

Mapeto ake tinaikankha, ine ndi a Kalisto, mpaka pa mjigo. Inalira. Koma kulira kwake! Utsi wabuluu unatuluka ku ekizozi wochuluka kuposa nkhungu, amayi aja anathawira m'munda akutsokomola, ndipo m'kati mwa injini munkamveka ngati wina akusula khasu. A Zikhalo sanachedwe, anaponya giya n'kunyamuka. A Kalisto pambuyo pa kabuluu kawo, ine pambuyo pawo.

Pa Tsikaniko yofiira inayamba bwino, sindinama. Mamita makumi awiri oyamba inakwera ngati njinga. Kenaka injini inayamba kukuwa, koma matayala osafulumira: kilatchi yotha imatero, mphamvu yonse imathera m'phokoso. A Zikhalo anatsitsa giya. Anatsitsanso. Anayamba kupalasa ndi miyendo uku ndi uku ngati bakha. Pakati penipeni pa chitunda injini inati phwii, n'kuzima. Njinga inayamba kubwerera chambuyo pang'onopang'ono, a Zikhalo akukuwa kuti gwirani, gwirani, mpaka inagona chammbali mwaulemu ndithu. Thumba limodzi linaphulika. Kachewere anayamba kutsika chitunda yekha, kubwerera kwawo.

A Kalisto sanawapitirire alamu awo. Anaimika kanjinga kawo pambuyo, n'kuyamba kutola kachewere mmodzimmodzi, akuika m'chipewa.

"Pepani alamu, wolakwa ndine. Matumbawa ndinadzaza mopitirira."

A Zikhalo anakhala pa thumba linalo, mpweya ukutuluka ngati wa ng'ombe. Anayang'ana njinga. Anayang'ana kumunsi komwe mlongo wawo anaima ndi tsache lija, pamodzi ndi amayi a ku Misa omwe tsopano anali asanu ndi awiri. Ine ndinali nditadzaza m'kamwa ndi mawu okwana thumba lachitatu, koma a Kalisto anandiyang'ana kamodzi, ndinawameza.

"Alamu," anatero a Zikhalo pamapeto pake, mokweza kuti akumunsi amve. "Njinga iyi si ya kachewere. Ndi ya anyamata oyenda patala. Sindikugulitsani."

"Aa, alamu. Ine ndinali nditaikonda."

"Ndati sindikugulitsani! Mudzagwe nayo apa, mlongo wanga adzandiyang'ana bwanji? Musandikakamize."

"Mwanena ndinu, alamu. Ine ndingatsutse bwanji?"

Ndinatembenuka n'kuyamba kumasula chingwe kuti asaone nkhope yanga.

A Kalisto anasenzetsa kabuluu thumba lathunthu lija n'kupita ku boma. Ine ndinamanga yofiira kumbuyo kwa yanga n'kuikoka, a Zikhalo atakhalapo kugwira mahandulo. Titafika pamsewu waukulu tinaima kuti timwe tiyi, ndipo ndi pamenepo anandiuza, akuyang'ana m'kapu, kuti anaigula kutsidya kwa malire. Masana. Ikuwala chomwecho. Buku nawonso anauzidwa kuti likubwera, ndipo inali miyezi itatu.

"Ndiye munati mupatsire alamu anu?"

"Ndimati mwina kwa iwo ikayenda. Amapemphera kwambiri."

Ndinafuna kukalipa, koma tiyi anali wogula iwo.

Patapita masabata atatu ndinamva kuti a Sulemani, a golosale ya pafupi ndi mzikiti, akugulitsa njinga yawo poti agula kagalimoto. Ya 150, yakuda yosuluka, mpando womata ndi tepi, galasi limodzi. Yonyansa ndithu. Koma ndinali nditaithira oyilo ndekha zaka zitatu, ndinkaidziwa ngati mwana wa mnzanga. Tinapangana kuti tifika sikisi koloko m'mawa, ndipo asaiyatse.

A Kalisto anabwera ndi a Zikhalo. Anawapempha okha, akuti munthu sagula chinthu chachikulu popanda wamkulu. Ndipo tsiku limenelo ndinaona zodabwitsa. Moni asanathe, a Zikhalo anali atagwira kale injini ndi chikhatho. Anasolola kamtengo ka oyilo n'kukanunkhiza. Anabwereka magalasi a a Kalisto, anagwada m'fumbi ndi chimimba chawocho, n'kumawerenga nambala mokweza, a Kalisto akutsatira ndi chala m'buku.

"Hamza, bambo awa ndi apolisi?" anandifunsa a Sulemani.

"Ayi, ndi munthu wophunzira."

Kiki imodzi, njinga inadzuka, utsi osaoneka. A Sulemani anatilola kupita nayo kumudzi. Pa Tsikaniko anayendetsa a Kalisto eni ake, matumba awiri kumbuyo. Poyamba inawazimira pansi pa chitunda, chifukwa anasiya kilatchi mmene ankasiyira ya kabuluu, ndipo kulemera kwake kunatsala pang'ono kuwagwetsa. Kachiwiri anaisiya pang'onopang'ono. Inakwera pa giya thu, osakuwa, osadandaula, mpaka pamwamba. Sabata yotsatira anapita ndi a Sulemani ku Lilongwe kukasintha dzina m'buku, ndipo ndinawalamula kuti masiku asanu oyamba azizungulira pabwalo la mpira opanda katundu, mpaka dzanja lizolowere buleki yakutsogolo, yomwe pa njinga yaikulu imaluma.

Tsiku lomwe anabwera nayo koyamba ku boma ndi matumba awiri, okazinga tchipisi anawaombera m'manja ndi zipande. A Zikhalo anali pamalo panga, atabwera kudzaona yofiira yawo yomwe ndinali nditaimasula zidutswazidutswa pa chiguduli. Anaiyang'ana. Kenaka anatuluka n'kukazungulira yakuda ija, akumenyamenya matumba.

"Alamu, mphwathu uja wapeza ntchito ya ulonda, sabweranso. Dimba lija muwonjezere mizere mpaka pa nthochi paja. Njinga yaikulu chonchi isamayende ndi katundu wochepa, anthu angatiseke."

"Zikomo, alamu."

"Ndipo njingayi ndakusankhirani ndine, muziwauza anthu."

"Ndiziwauza, alamu."

Lolemba lake a Kalisto anagula khasu latsopano ndi mbewu ya mizere khumi ndi iwiri.